Jinzi yotha ntchito isanduke chikwama cha kumsika

Jinzi siitha thupi lonse nthawi imodzi. Imayamba kuperepeseka pakati pa ntchafu, kenako n'kubooka m'maondo, koma chiuno, matumba akumbuyo ndi nsalu ya kumbuyo kwa miyendo zimakhala zikadali zolimba. Zimandipweteka kuona jinzi yotere itasanduka chokolopera kapena itaponyedwa kudzala, pamene mwini wake amagula jumbo tsiku ndi tsiku akapita kukagula tomato ndi usipa ku Nsungwi kapena kwa Chinsapo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, ndipo khoti la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019, koma yang'anani ngalande za ku Kawale ndi ku Biwi mvula ikangokata, kapena magombe a mtsinje wa Lilongwe: majumbo ali mbwee. Chikwama cha jinzi chimodzi chikhoza kukutumikirani kwa zaka.

Yambani ndi kusankha. Jinzi yabwino ndi ya nsalu yokhuthala, yosatamuka. Zija zothina zomwe zimatamuka ngati mphira zisiyeni, chifukwa mukaikamo mbatata chikwama chimalendewera mpaka kumaondo. Ya abambo ya chiuno chachikulu imapereka chikwama chotakasuka. Ngati kunyumba kulibe, pitani pa kaunjika ku msika wa Tsoka n'kufunsa zija zong'ambika m'maondo zomwe ogula amazikana. Mtengo wake umatsika mukanenerera. Ichapeni kaye, iume, muisite. Utoto wa jinzi umasuluka, ndipo simungakonde kuti udetse bulauzi yoyera.

Pafunikanso sizasi yakuthwa, choko, tepi yoyezera, mapini, ulusi wolimba, nyundo, simbi, ndi chidutswa cha chitenje chakale choika m'kati. Pa makina ikani singano yaikulu, nambala 16 kapena 18. Yaing'ono yosokera madiresi ithyoka musanafike patali.

Yalani jinziyo pamkeka kapena patebulo, mutatseka zipi ndi batani. Gwirizanitsani lamba wa m'chiuno wakutsogolo ndi wakumbuyo kuti akhale mzere umodzi, muwabaye mapini. Apa ambiri amalakwitsa: mbali yakumbuyo ndi yaitali kuposa yakutsogolo, choncho mukangodula osalinganiza, chikwama chimapendama. Jambulani mzere wowongoka ndi choko masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa pamene miyendo imakumanirana, koma pansi pa matumba akumbuyo. Musanadule, pisani dzanja ndi kukokera m'mwamba nsalu yoyera ya matumba akutsogolo kuti sizasi isaidye. Miyendoyo isungeni.

Mukaona kuti msoko wapakati ukupindikabe chakumunsi, usomboleni pang'ono, musanjikize nsaluyo kuti igone bwino, n'kusokanso. Zipi nayo isokereni pamwamba kuti isadzatsekukenso. Ngati chikwama chikuoneka chachifupi, dulani mwendo umodzi, muutsegule, mulumikize chidutswa cha masentimita 10 kapena 15 kuzungulira kumunsi.

Tsopano tembenuzani kuti m'kati mukhale kunja, ndipo sokani pansi pake mutasiya sentimita imodzi ndi theka kuchokera m'mphepete. Bwerezani kachiwiri pamzere womwewo, kenako pitani ndi zigizagi m'mphepete kuti ulusi wa nsalu usamasomboke. Makina opalasa ambiri a Singer ndi Butterfly omwe timawaona m'makhonde alibe zigizagi. Zikatero sokani mzere wachitatu pafupi ndi m'mphepete. Kuti chikwama chiziima chokha, gwirani ngodya iliyonse yapansi, muitambasule kuti msoko wam'mbali ugone pamwamba pa msoko wapansi, ioneke ngati samusa. Yezani masentimita 5 kuchokera kunsonga, jambulani mzere wodutsa, womwe ukhale wa masentimita 10, ndipo sokani kawiri. Nsongayo musaidule, ipindireni pansi, imalimbitsa.

Pamene misoko yokhuthala yakumana, makina amakana. Musakakamize. Ikani malowo pamwala wosalala kapena pathabwa, muwamenye ndi nyundo kangapo kuti aphwatalale, ndipo pofika pamenepo siyani kupalasa, muziyendetsa gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono. Samalaninso ndi tizitsulo tija ta m'ngodya za matumba. Tizitsuloti tinayamba kale: mu 1873 telala wina dzina lake Jacob Davis pamodzi ndi wamalonda Levi Strauss ku America analembetsa luso lolimbitsa mabuluku a anthu ogwira ntchito zolemetsa ndi tizitsulo timeneti. Tili ndi ntchito, koma singano ikatigunda imathyoka, ndipo kachidutswa kake kakhoza kudumphira m'diso.

Zogwirira ndiye mtima wa ntchito yonse. Chikwama chimene chadukira panjira, mwini wake akutsika minibasi ku depoti ndi ufa ndi mabotolo a mafuta, nthawi zambiri chimakhala chadukira apa. Kuchokera kumbuyo kwa miyendo, komwe nsalu sinathe, dulani timizere tiwiri ta masentimita 10 m'lifupi ndi 65 m'litali, motsatira kutalika kwa mwendo, osati mopingasa. Pindani kalikonse pakati, sitani, tsegulani, kenako pindani mbali zonse ziwiri kuti zikumane pamzere wapakatiwo, n'kupindanso. Mupeza lamba wa masentimita awiri ndi theka wokhala ndi nsalu zinayi. Sokani mbali zonse ziwiri. Ngati mukusita ndi simbi yamakala, wazani timadzi pang'ono, mupinda mosavuta.

Musasokere zogwirirazo pansonga penipeni pa chiuno. Lowetsani mapeto ake m'kati masentimita 5 kapena 6, kudutsa lamba wa m'chiuno, ndipo pakati pa mapeto awiri a chogwirira chimodzi pakhale masentimita 12 mpaka 14. Musanasoke, bayani mapini ndi kukoleka paphewa kuti muone ngati zikufanana komanso sizinapotoke. Posoka, zungulirani kabokosi ka ngodya zinayi, kenako mtanda m'kati mwake kuchokera ngodya kufika ngodya, ndipo bwerezani. Ine ndimabwereza katatu.

Chitenje cham'kati ena amachinyalanyaza, koma chimabisa misoko ndipo mpunga kapena nyemba zikatayika sizilowa m'makwinya. Yezerani pa chikwamacho, muwonjezere masentimita awiri mbali zonse, sokani m'mbali ndi pansi, mupange ngodya monga munachitira poyamba. Lowetsani, pindani m'mphepete mwake, n'kusokera m'munsi mwa lamba wa m'chiuno. Chitenjecho chisanalowe, sokeranipo kathumba kakang'ono. Foni ndi ndalama zizikhala mmenemo. Matumba akunja aja ndi oikamo mpango ndi kapepala ka zogula. M'chipiringu cha mumsika dzanja la wina limalowamo mosavuta.

Amene alibe makina asagwe ulesi. Dulani ndi kubaya mapini kunyumba, zotsalazo mupite nazo kwa atelala apakhonde, omwe sasowa ku Area 23 kapena kwa Mgona, ndipo muwauze kuti, "Atelala, pa zogwirirapa mundibwerezere." Kusoka pamanja n'kothekanso ndi singano yaikulu ndi ulusi wopindidwa pawiri, pobwerera m'mbuyo pa kubaya kulikonse, ngakhale zala zimamva kuwawa pa lamba wa m'chiuno.

Mukamaliza, chiyeseni musanapite nacho kutali. Ikanimo njerwa ziwiri, muchinyamule, muchigwedeze. Msoko ukalira penapake, bwererani pamenepo lero lomwe. Chikapirira, chikolekeni pamsomali pafupi ndi chitseko kuti mawa popita kumsika musachiiwale.