KODI NDI PATALI BWANJI? PHUNZIRO LA KAYESEDWE KA MTUNDA

Tili mu Fomu 2, aphunzitsi athu a Jogalafe anatipatsa ntchito yooneka yapafupi. Anati aliyense atenge mapu a boma la kwawo, apeze mudzi wake, ndipo ayese ndi lula mtunda wochokera pamudzipo kukafika ku chipatala chapafupi. Ine ndinayesa, ndinachulukitsa ndi sikelo ya pamapupo, ndipo ndinapeza makilomita 6. Aphunzitsi anachonga. Koma mumtima ndinadziwa kuti yankho langalo, ngakhale analichonga, silinali loona. Pakati pa mudzi wathu ndi chipatalacho pali mtsinje. M'chilimwe timangopinda buluku n'kuoloka, koma m'dzinja madzi akadzaza munthu ayenera kuzungulira kukadzera pa mlatho, ndipo ulendowo umakwana makilomita 14. Ndikuudziwa bwino popeza ndinauyendapo usiku, ndikukankha njinga imene tinakwezapo mlongo wanga atayamba kutsegula m'mimba.

Chiyambire nthawi imeneyo funso lija silinandichoke m'mutu: kodi tikamati malo ndi apafupi, timatanthauza chiyani? M'kuwerenga kwanga ndapeza kuti akatswiri a nthambi zambiri za sayansi amalimbana ndi funso lomweli tsiku ndi tsiku. Dokotala, woyesa zivomezi, woona nyenyezi, wofufuza nsomba, ngakhale wophunzira zilankhulo, onse amayesa mtunda. Masamu ake ambiri ndi omwe aja timachita m'kalasi. Chovuta chimakhala kusankha mtunda woyenera kuuyesa.

Ndiyambe ndi nkhani imene inandigwira mtima koposa. Kumapeto kwa mwezi wa August m'chaka cha 1854, matenda a kolera anabuka m'dera la Soho mu mzinda wa London. M'masiku 10 okha anthu oposa 500 anamwalira, ndipo mliriwo pomatha unali utapha anthu 616. Masiku amenewo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti kolera imafala ndi mpweya woipa, fungo lochokera m'zonyansa. Koma dokotala wina, dzina lake John Snow, anali atalemba kale mu 1849 kuti nthendayi imalowa m'thupi kudzera pakamwa, makamaka ndi madzi akumwa. Ambiri sanamumvere.

Mliriwo utavuta, Snow anatenga mndandanda wa omwalira nayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kumene mabanjawo ankatunga madzi. Anapeza kuti maliro ambiri anali m'nyumba zoyandikana ndi mjigo wa mu msewu wa Broad Street. Pambuyo pake anajambula mapu, naika kamzere kakuda kamodzi pa munthu aliyense womwalira, pa nyumba imene ankakhala. Timizereto tinaunjikana mozungulira mjigo uja.

Apa ndiye pofunika kuchenjera, anzanga. Mapu otere paokha sakanathetsa mkangano. Wokhulupirira za mpweya woipa akanangoti: "Eya, pamenepo ndiye pamene pakuchokera fungolo." Maganizo onse awiri ankavomereza kuti maliro adzachuluka pafupi ndi malo amodzi. Kusiyana kwake kunali pa mtundu wa mtunda. Mpweya sudziwa msewu. Umadutsa pamwamba pa madenga monga mbalame, motero ukanapha anthu mofanana mbali zonse. Koma madzi amayenda m'ndowa, ndipo wosenza ndowa amatsata njira. Snow anaona, mwachitsanzo, kuti misewu ina imene pamapu inkaoneka yoyandikana ndi mjigo wa mu Rupert Street inali patali kwa munthu woyenda pansi, chifukwa njira yake inali yozungulira. Tsono pa mapu ake achiwiri, amene anatuluka m'lipoti la mu 1855, anajambula mzere wa madontho wosonyeza malire: munthu wokhala mkati mwa mzerewo, mjigo wapafupi kwa iye poyenda pansi unali wa Broad Street, wokhala kunja, wapafupi unali wina. Mzerewo unatuluka wokhotakhota, wotsata misewu, ndipo maliro ambiri anagwera mkati mwake.

Nanga amene anamwalira kunja kwa malirewo? Snow sanawabise, ndipo ichi ndicho chimene ndimamulemekezera. Pa kafukufuku wake woyamba anapeza anthu 10 omwalira m'nyumba zimene zinali pafupi ndi mijigo ina. Atafunsa, mabanja a anthu 5 anamuuza kuti ankatungabe madzi ku Broad Street chifukwa madzi akumeneko ankawakomera. Ena 3 anali ana amene ankaphunzira pa sukulu yoyandikana ndi mjigowo. Kunalinso mayi wina wamasiye ku Hampstead, kutali ndi Soho, kumene kunalibe mliri. Mayiyu kale ankakhala ku Broad Street ndipo anazolowera madzi ake, kotero kuti ngolo inkamubweretsera botolo lalikulu tsiku lililonse. Anamwa, namwalira pa 2 September. Mwana wamkazi wa m'bale wake amene anabwera kudzacheza anamwako, ndipo anakamwalira atabwerera kwawo ku Islington. Pa mapu mayiyu anali kutali. Pa njira ya madzi anali pafupi kuposa anthu ena okhala mu msewu womwewo. Pajatu pa fakitale yofulula mowa ya mu Broad Street momwemo panali antchito oposa 70, koma palibe anamwalira, popeza ankapatsidwa mowa ndiponso anali ndi chitsime chawochawo. Nyumba yosungiramo amphawi ya mu Poland Street inali ndi anthu 535, yozunguliridwa ndi maliro, koma munamwalira anthu 5 okha. Nayonso inali ndi madzi akeake.

Akuluakulu a deralo anachotsa mkono wa mjigowo pa 8 September. Mabuku ena amasimba ngati kuti mliri unatha tsiku lomwelo chifukwa cha ichi, koma Snow mwini wake anavomereza kuti unali utayamba kale kuchepa, anthu ambiri atathawa m'deralo. Gwero lake analipeza pambuyo pake ndi mbusa wa mpingo wa Anglican, Henry Whitehead, amene poyamba ankatsutsa maganizo a Snow. Iye anapeza kuti pa nyumba nambala 40 panali khanda limene linadwala mliri usanayambe, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa limene linali pafupifupi mita imodzi kuchokera pa chitsime cha mjigo uja.

Njira yogawa mapu motere, kuti malo aliwonse apatsidwe ku chinthu chimene ali nacho pafupi, masiku ano imatchedwa ndi dzina la Georgy Voronoi, katswiri wa masamu amene anaifotokoza bwino mu 1908. Oyesa mvula amaigwiritsa ntchito pogawa dera pakati pa malo oyesera mvula, ndipo a zaumoyo amaigwiritsa ntchito poona midzi imene chipatala chilichonse chikuyenera kutumikira. Si nkhani ya ku Ulaya kokha ayi. Kolera imene inayamba kuno kwathu mu March 2022 inafika m'maboma onse ndipo inapha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa madzi akatha m'thupi, pamene mankhwala ake oyamba ndi thanzi ORS ndi diripi. Kwa wodwala wotere, kusiyana kwa makilomita 6 ndi 14 ndi kwakukulu zedi.

Tsopano tione kumene mtunda sungayesedwe ndi lula kapena mapazi, koma ndi nthawi. Nonse mukudziwa kuti mphezi ikang'anima, bingu limamveka pambuyo. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukawerenga masekondi 3 pakati pa kung'anima ndi kugunda, ndiye kuti mpheziyo yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Oyesa zivomezi amachita chimodzimodzi. Nthaka ikathyoka pansi, monga zinachitikira kufupi ndi Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009, pamatuluka mafunde a mitundu iwiri. Oyamba, otchedwa P, amathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi m'miyala. Achiwiri, otchedwa S, amayenda pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi. Amanyamukira pamodzi, koma ulendo ukamatalika mpata pakati pawo umakula, monga othamanga awiri osiyana liwiro. Mukachita masamu mudzapeza kuti sekondi iliyonse ya mpatawo ikuimira makilomita pafupifupi 8.

Tiyerekeze kuti makina a pamalo ena alemba mafunde a S patapita masekondi 20 chifikire a P. Ndiye kuti chivomezicho chachitika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 160. Koma mbali iti? Makinawo atipatsa mtunda wokha, choncho titenge kampasi yathu ya m'bokosi la masamu, tiitambasule molingana ndi sikelo, tijambule mkombero pamapu. Makina a pamalo achiwiri atipatsa mkombero wina, umene udzadutsana ndi woyambawo pawiri. Wachitatu ndiwo udzasankha pakati pa malo awiriwo. A Fomu 3, yesani zimenezi pa pepala. Ndi funso la Jometire wamba. Foni ya m'manja imapezanso pamene muli mwa njira yofanana, poyesa nthawi imene uthenga watenga kuchokera ku masetilaiti a GPS osachepera 4.

Za nyenyezi ndingonena mwachidule. Tambasulani mkono, imikani chala chachikulu, ndipo muchiyang'ane ndi diso limodzi, kenaka linalo. Chalacho chimaoneka ngati chadumpha, ndipo chikakhala pafupi ndi nkhope chimadumpha kwambiri. Mu 1838 Friedrich Bessel anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pa nyenyezi yotchedwa 61 Cygni. Maso ake awiri anali mbali ziwiri za njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa, zotalikirana makilomita pafupifupi 300 miliyoni. Anapeza kuti kuwala kwa nyenyeziyo kumatenga zaka zoposa 10 kuti kutifike. Zida za lero zimati zaka 11.4, motero mkuluyo sanaphonye kwenikweni.

Chimene chinandidabwitsa koposa n'chakuti pali mtunda wina umene suli pamapu konse. Taonani mawu akuti munthu. M'Chishona amati munhu, m'Chiyao mundu, m'Chizulu umuntu, m'Chiswahili mtu. Mu 1965 katswiri wa ku Russia, Vladimir Levenshtein, anapereka njira yoyesera kutalikirana kwa mawu awiri: werengani kuti muyenera kuchotsa, kuonjeza kapena kusintha zilembo zingati kuti mawu oyamba asanduke achiwiri. Kuchokera pa munthu kufika pa munhu timachotsa t yekha, mtunda ndi 1. Kufika pa mundu timasintha t kukhala d ndi kuchotsa h, mtunda ndi 2. Kufika pa umuntu timaonjeza u kumayambiriro ndi kuchotsa h, 2 ndithu. Kufika pa mtu timachotsa zilembo 3. Mukachita chomwecho ndi mawu mazanamazana, mumayamba kuona zilankhulo zimene ndi zapachibale kwambiri. Foni ikamakukonzerani mawu amene mwalemba molakwa, imafunafuna mawu a mtunda waufupi mwa njira yonga yomweyi.

Komabe panonso pali mtsinje wake. Zilembo th ndi ziwiri papepala, koma pakamwa ndi liwu limodzi. Wowerenga zilembo ndi womvera maliwu sangapeze yankho limodzi. Ndiponso mawu a madzi m'Chishona ndi mvura. Mukawayerekeza ndi madzi, mudzati zilankhulo ziwirizi n'zotalikirana kwambiri, chonsecho mnzake wa mvura ali pomwepa, ndi mvula yathuyi.

Ofufuza zamoyo amachita zofananazo ndi DNA, imene ili ngati mawu aatali olembedwa ndi zilembo 4 zokha: A, C, G ndi T. Amandandalitsa DNA ya zamoyo ziwiri n'kuwerenga malo amene zikusiyana. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la cichlid, monga mbuna za m'miyala, utaka, ncheni ndi ndunduma. Ncheni ndi yaitali, yamano, yodya nsomba zinzake. Mbuna zambiri n'zazing'ono, zamawangamawanga, zopala ndere pamiyala. Ndi maso munthu angati n'zotalikirana kwambiri. Koma kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018, atayesa mitundu 73, anapeza kuti mitundu iwiri iliyonse imasiyana pa zilembo zapakati pa 1 ndi 2.5 pa zilembo 1,000 zilizonse. Munthu ndi chimpanzi amasiyana pa zilembo pafupifupi 12 pa 1,000. Tanthauzo lake n'lakuti nsomba zonsezi zinachokera kwa makolo amodzi posachedwapa, tikayesa ndi msinkhu wa dziko. Chambo, chimene ife timachitcha mfumu ya m'nyanjamo, chili pa nthambi ina yakutali, ya nsomba za tilapia, ngakhale chimagwidwa mu ukonde umodzi ndi utaka.

Tchuthi chapitachi ndinatenganso mapu aja a boma lathu. M'malo mwa lula ndinatenga ulusi, ndinaugoneka motsata njira yeniyeni mpaka pa mlatho, kenaka ndinauwongola pa sikelo. Ndinachita chimodzimodzi ndi chipatala china cha mbali ya kumtunda, chimene pamapu chimaoneka chakutali ndipo anthu a kwathu sakonda kupitako. Ulusi unasonyeza makilomita 9, ndipo njira yake siioloka mtsinje uliwonse. Usiku uja tinali titakankha njinga makilomita 5 apadera. Mlongo wanga anachira, ndipo ulusiwo ndinakawaonetsa a mfumu mvula isanayambe.