Kuphunzira Kuwotcherera Chitsulo mwa Njira ya TIG

Mphunzitsi amene wakhala zaka zingapo akuimirira pa bolodi amaiŵala msanga m'mene munthu amamvera pamene dzanja lake likukana kuchita zimene mutu wamva. Ine ndidakumbutsidwa zimenezi m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene Loŵeruka lililonse ndinkapita kwa mmisiri wina pa boma la Dedza kukaphunzira kuwotcherera chitsulo mwa njira yotchedwa TIG. Mmisiriyu adagwirapo ntchito ku Johannesburg, ndipo makina ake adabwera nawo kuchokera komweko. Ndalemba phunziro lino kuti inu, amene posachedwa mukayamba kuphunzitsa ana luso la manja, muone dongosolo limene iye adatsata pondiphunzitsa, ndiponso m'mene ankaŵerengera zolakwa zanga.

Tiyambe ndi njirayo. Kuwotcherera kumene timakuona m'misika yathu, monga pa Linthipe ndi pa Chimbiya, n'kwa marodi: rodi yokutidwa ndi mankhwala imasungunuka yokha, n'kusiya nkhoko pamwamba imene mmisiri amaigogoda ndi hamala. TIG siitero. M'tochi yake muli kansonga ka tungsten, chitsulo chimene sichisungunuka mpaka kutentha kutafika pa madigiri 3,422, pamene chitsulo chofeŵa, chija amapangira mafelemu a zitseko ndi mawindo, chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Choncho kansongako kamangotulutsa kamoto ka magetsi koma iko sikatha. Kamotoko kamasungunula kamalo kakang'ono pa chitsulo, kamene m'phunziro lino tikatcha chithaphwi. Dzanja linalo limagwira waya wopyapyala n'kumamugunditsa m'chithaphwimo kuti adzaze mpata. Nthaŵi yonseyo mpweya wa argon umachokera m'botolo, kutulukira kukamwa kwa tochi, n'kuphimba chithaphwicho, pakuti chitsulo chosungunuka chikakhudzana ndi mpweya umene timapumawu chimachita timabowo ndipo sichilimba. Njirayi adaikonza Russell Meredith wa ku kampani yopanga ndege ya Northrop ku America m'chaka cha 1941, pofuna kulumikiza magnesium. Iye ankagwiritsa ntchito mpweya wa helium. Argon, amene ndi wotsika mtengo, ndiye adafala pambuyo pake.

Mwaona tsono kuti wophunzira ali ndi zinthu zinayi zoti asamale pa kamphindi kamodzi: kutalika kwa kamoto, kupendekeka kwa tochi, liŵiro la dzanja, ndi waya wa ku dzanja linalo. Mphunzitsi wothamanga akadanditchulira zonsezi m'maŵa umodzi, n'kundipatsa tochi, kenaka n'kudabwa kuti ndine wogona. Mmisiriyu Loŵeruka loyamba sadayatse n'komwe makina.

Adandipatsa tizidutswa ta chitsulo tochindikala mamilimita 3 kuti ndipale ndi galainda mpaka tiŵale. Chitsulo chatsopano chimabwera ndi khungu lakuda lochokera ku fakitale, ndipo chakale chimakhala ndi dzimbiri, penti kapena mafuta. Marodi amapirira zina mwa zimenezi, koma TIG siipirira chilichonse. Kenaka adandionetsa kanoledwe ka tungsten, kuti mizere ya mwala wonolera itsate utali wa kansongako, pakuti ikazungulira kamoto kamayendayenda. Nditatha izi adandikhazika pa benchi, nandiuza kuti nditsamiritse mkono, ndigwire tochi monga cholembera, ndi kuiyendetsa pamwamba pa mzere wa choko, nsonga itatalikira chitsulo mamilimita aŵiri kapena atatu, osagunda. Ndidachita zimenezi makina ali chozimitsa pafupifupi ola lathunthu. Kunena zoona mumtima ndidaŵiringula, poganiza kuti munthu wa dipuloma sangathere tsiku akuseŵera ndi tochi yozima.

Loŵeruka lachiŵiri tidayatsa, koma waya sadandipatse. Pa chitsulo chofeŵa tochi imalumikizidwa ku mbali ya negetivi ya magetsi a DC, kuti kutentha kwambiri kuloŵe m'chitsulo, kusathere pa tungsten. Poyambira pabwino ndi ma-ampi pafupifupi 40 pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwa chitsulo, ndi argon wa malita 6 mpaka 10 pa mphindi. Ntchito yanga idali imodzi yokha: kudikira kuti chithaphwi chioneke, n'kuchikankha pang'onopang'ono motsata mzere, kukula kwake kusasinthe. Apa ndi pamene pali chovuta chenicheni cha wongoyamba. Maso amathamangira ku kuŵala kwa kamoto, monga gulugufe wa usiku pa nyali, pamene nkhani yonse ili m'chithaphwi. Chikamakula ndiye kuti mukuchedwa kapena moto wachuluka, ndipo posachedwa mubowola chitsulo. Chikamachepa ndiye kuti mukuthamanga, ndipo chitsulo sichikusungunuka mpaka mkati. Mmisiri uja ankaima kumbuyo kwanga atavala chigoba chake, ndipo mawu ake adali amodzimodzi: "Aphunzitsi, musayang'ane moto, yang'anani madzi." Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine chithaphwi ndidachiona bwinobwino pa kachidutswa kachisanu ndi chimodzi.

Kangapo konse nsonga idamira m'chithaphwi. Zikatero tungsten amamatirira chitsulo, kamoto kamabalalika, ndipo palibenso china koma kuzimitsa, kumasula, kukanola. Tsiku limenelo ndidanola kasanu ndi kaŵiri. Chimene ndidachita nacho chidwi n'chakuti mmisiriyo sadandinolere ngakhale kamodzi, komanso sadandikalipire. Ulendo wopita ku mwala wonolera udali chilango chokwanira, ndipo udali phunziro.

Waya adabwera pa Loŵeruka lachitatu. Tochi imapendekera kumbuyo pang'ono, madigiri 10 kapena 15, ndipo waya amaloŵera chakutsogolo, chogona, n'kugunda m'mphepete mwa chithaphwi, osati pa tungsten. Mukamubweza musamutulutse kunja kwa argon, pakuti nsonga yake yotentha imaipa ikakumana ndi mpweya wamba. Waya wa ntchito imeneyi, monga wotchedwa ER70S-6, ali ndi silicon ndi manganese zimene zimayeretsa chithaphwi, n'chifukwa chake waya wa mpanda sangaloŵe m'malo mwake. Kuyendetsa waya pakati pa zala ndidakazoloŵerera kunyumba madzulo, nditakhala pakhonde, popanda moto uliwonse.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna kuti muchisunge. M'maŵa wina wa Julaye, mphepo ya mwera ikuwomba monga ichitira kuno ku mapiri, mizere yanga yonse idatuluka ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Ndidadziimba mlandu: dzanja likunjenjemera, ndabwerera m'mbuyo, mwina luso limeneli si langa. Mmisiri adatenga kachidutswa kamodzi, nakatembenuza, nayang'ana ku khomo. Osanena kanthu, adakatenga lata n'kuliimika kumbali kumene kunkachokera mphepo. Mzere wotsatira udatuluka wosalala. Dzanja langa silidalakwe. Mphepo ndiyo inkauluza argon asadaphimbe chithaphwi. Adandiuza kuti timabowo totere tingabwerenso chifukwa cha chitsulo chakuda, chinyezi cha m'maŵa chimene chimagwira chitsulo chozizira, paipi ya mpweya yobooka, kapena botolo limene likutha, ndipo kuti iye amayamba wafufuza zonsezi asadanene kuti wophunzira ndiye walakwa.

Taganizani za mwana wa Sitandade 1 pa sukulu ya ku Bembeke m'mwezi womwewo. Zilembo zake zapindika, ndipo inu mwagwira kale cholembera chofiira. Kodi mwayamba mwaona ngati zala zake zauma ndi chisanu? Kodi akulembera pa desiki kapena pa bondo? Nanga pensulo yake, si kachidutswa kosagwirika? Bolodi akuliona bwino kuchokera pamene wakhala? Ine ndaonerera maphunziro ambiri a ophunzira athu pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, ndipo cholakwa chimene ndimachipeza kaŵirikaŵiri n'chakuti amaŵerenga ntchito ya mwana pofuna kupeza malikisi, osafunsa chimene chapindika zilembozo. Inenso ndidachitapo chimodzimodzi zaka zanga zoyamba.

Mawu ochepa okhudza ngozi, pakuti ena mwa ana anu adzapita ku masukulu a ntchito zamanja monga a ku Lilongwe, Namitete ndi Salima, amene ali pansi pa dongosolo la TEVETA lokhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndipo ambiri amaimirira kale pafupi ndi owotcherera pochokera ku sukulu. Kuŵala kwa kamoto kumapsereza maso ngakhale a munthu wongoonerera. Ululu wake umabwera patapita maola angapo, kaŵirikaŵiri usiku, ngati m'maso mwathiridwa mchenga. Magalasi a dzuŵa sateteza. Pafunika chigoba cha galasi lakuda la nambala 10 kapena kuposerapo. Ena amaika zidutswa za mbatata ya kachewere m'maso, poti kuno njosasoŵa, koma imangoziziritsa, siichiza; wopsa maso apite ku chipatala. Khungu nalonso limapsa, choncho manja, mikono ndi khosi zikhale zophimbidwa. Mapaipi otuŵa okutidwa ndi zinc amatulutsa utsi wodwalitsa. Argon alibe fungo ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero potchinga mphepo musatseke chipinda chonse: lata lija lidaima mbali imodzi yokha.

Sabata ino, musadapite ku sukulu zoyesererako, sankhani luso limodzi la manja limene mudzaphunzitse, kaya kulemba chilembo, kusoka batani, kapena kuyeza ndi rula. Lembani zinthu zonse zimene dzanja ndi maso zimachita pa nthaŵi imodzi, ndipo musonyeze chimene mudzayambe nacho chokha, ndi chimene mwana angayeseze "makina ali chozimitsa". Kenaka tengani makope atatu a ana amene sadachite bwino, ndipo pa lililonse mulembe zifukwa ziŵiri zosachokera kwa mwanayo zimene zikadabweretsa cholakwacho. Tidzakambirana zimene mwapeza mukabwerako.