Maso a Munthu Wamkulu ndi Zilembo za pa Foni

Munthu akafika zaka 40 kapena 45 amayamba kuona chachilendo. Phiri lakutali amaliona bwino lomwe, koma uthenga wa pa foni imene ili m'manja mwake umaoneka mwachimbuuzi. Amatambasula mkono, naitalikitsa foniyo kufikira mkonowo utachepa. Ena amati alodzedwa, ena amati foni yawaononga maso. Zonsezi si zoona. Vutoli madokotala amalitcha presbyopia, ndipo limadza ndi ukulu monga momwe zidzera imvi.

M'kati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kofewa kotchedwa lenzi. Munthu akayang'ana chinthu chapafupi, kamnofu kozungulira kagalasika kamakokana, ndipo iko kamafufuma kuti chinthucho chioneke bwino. Mwana wa zaka 10 angathe kuwerenga buku limene lili masentimita 10 okha kuchokera pa diso. Zaka zikamapita kagalasi kaja kamauma, nikaleka kufufuma, ndipo vutoli limakulirakulira kufikira zaka 60 kapena 65. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2019 kuti anthu 1.8 biliyoni ali nalo vutoli, ndi kuti 826 miliyoni mwa iwo alibe magalasi owayenera.

Kale chovuta chinali kulowetsa ulusi pa singano ndi kusankha miyala mu mpunga. Lero ndalama zikuyenda pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Munthu akasokoneza 3 ndi 8, fizi ya mwana yapita kwa munthu wosamdziwa. Wina amapatsa mdzukulu foni ndi nambala yachinsinsi yomwe kuti amuwerengere, chinthu chimene chadanitsa abale ambiri.

Mafoni amakono ndi makompyuta ali ndi zothandizira zimene eni ake ambiri sazidziwa. Choyamba ndi kukulitsa zilembo, kumene kumapezeka pamalo osinthira kaonekedwe ka sikirini. Zilembo zikakula, munthu amaika foni patali pang'ono, pamene diso lake likali kuona bwino, nawerengabe mosavuta. Pa kompyuta, kudina batani la Ctrl pamodzi ndi la + kumakulitsa tsamba lonse. Kamera ya foni nayo ingagwire ntchito ya galasi lokulitsira, makamaka powerenga malangizo aang'ono a pa botolo la mankhwala. Kwa amene maso afooka kwambiri pali TalkBack pa Android ndi VoiceOver pa iPhone, zimene zimawerenga mokweza zolembedwa pa sikirini.

Za kuwala n'zofunika kuzimvetsa. Pamalo owala mwana wa diso amachepa, ndipo kabowo kakang'ono kamathandiza kuti zapafupi zioneke bwino. N'chifukwa chake agogo amawerenga bwino panja masana koma amalephera madzulo m'nyumba. Motero zilembo zakuda pa sikirini yoyera zimathandiza akulu ambiri kuposa zilembo zoyera pa sikirini yakuda, ngakhale achinyamata amakonda yakudayo.

M'chaka cha 2014 akatswiri a ku University of California ku Berkeley ndi a ku MIT, m'dziko la America, anaonetsa sikirini yoyesera imene imachita ntchito ya magalasi. Anavundikira sikirini ya iPod Touch ndi kapepala ka timabowo tambirimbiri, ndipo makinawo ankasintha chithunzi molingana ndi vuto la diso la woyang'anayo. Nzeruyo ndi yabwino, koma mafoni a m'masitolo alibe sikirini yotere.

Chithandizo chenicheni chikadali magalasi owerengera, amene mphamvu yake imayambira pa +1.00 nikwera ndi zaka kufikira +2.50 kapena +3.00. Amene amayenera pa foni, imene imakhala masentimita 30 kapena 40 kuchokera pa diso, kawirikawiri amaposa mphamvu pa kompyuta imene ili patali ngati mkono, ndipo munthu amawerama mpaka khosi kuwawa. Wopita kukayezetsa afotokoze ntchito imene amagwira.

Kukulitsa zilembo kungabisenso matenda ena. Ng'ala, glaucoma ndi kuonongeka kwa maso chifukwa cha matenda a shuga zimachuluka pa zaka zomwezi, ndipo glaucoma imapha diso mwakachetechete, popanda ululu. Munthu amene akukulitsa zilembo mwezi ndi mwezi, kapena amene diso limodzi likufooka kuposa linzake, asadalire magalasi a pamsika. Apite ku chipatala cha boma cha m'dera lake, kumene angamtumize ku zipatala za maso monga Lions Sight First ku Blantyre kapena ku Nkhoma.