Kwa iwe wofuna kulondolera ndege

Mphwanga, ndamva kuti mtima wako uli pa ntchito ya mu nsanja yagalasi ija ya pabwalo la ndege, momwe mumakhala anthu olankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi. Ndakondwa, koma ndikuuziretu kuti kukonda ndege pakokha sikungakufikitse patali. Ntchitoyi imafuna munthu wodziwa kumvetsera, komanso wolimba mtima kunena zoona msanga, ngakhale amene akumuuzayo ali wamkulu.

Yamba waganizira liwiro. Ndege yonyamula anthu ikakwera m'mwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Ziwiri zikalunjikana, mtunda wa pakati pawo umachepa ndi makilomita pafupifupi 27 pa mphindi iliyonse. Lamulo limati uzisiyanitse ndi mafiti 1,000, ina pamwamba ina pansi, kapena makilomita 9 cham'mbali ngati ukuziona pa rada. Makilomita 9 amenewo amatha m'masekondi 20 okha. Choncho vuto umaliona likadali kutali, n'kulikonza oyendetsa ndegezo asanadziwe n'komwe kuti linalipo.

Zoyenereza zake n'zodziwika. Bungwe la ICAO, lomwe limaika malamulo a ndege pa dziko lonse, limati laisensi ipatsidwe kwa munthu wa zaka zosachepera 21, wokhoza maphunziro ake, amenenso walondolerapo ndege zenizeni moyang'aniridwa kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Dokotala amakupima maso, makutu ndi mtima, ndipo kupimako kumabwerezedwa mpaka udzapume pa ntchito. Kusukulu limbikira masamu, Chingerezi, fizikisi ndi jogalafe. Masamu ake si ozama, koma ndi apamtima. Ndege ili pa mafiti 24,000, ukufuna ifike pa 8,000, ndipo ikutsika mafiti 2,000 pa mphindi: yankho la mphindi 8 lizifika m'mutu uli mkati molankhula ndi ndege ina. Maphunziro enieni a ntchitoyi anthu a kuno amawapeza kusukulu ya zandege ya pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ena amatumizidwa ku Nairobi kapena ku Johannesburg, anzathu a ku Zambia ali ndi yawo ku Lusaka. Umayamba ndi mabuku, kenako makina oyesezera ntchitoyi otchedwa simulator, kenako umakhala pampando weniweni mphunzitsi ali pambali, naye atavala mahedifoni, chala chili tcheru kukulanda mawu ukaphonya. Chilolezo cha mu nsanja n'chosiyana ndi cha wolandira ndege zoyandikira bwalo, ndipo n'chosiyananso ndi cha wolondolera zodutsa m'mwamba. Chilichonse chili ndi mayeso ake.

Pa Chingerezi ndiime pang'ono, chifukwa ambiri amasokera apa. ICAO imayeza chiyankhulochi pa magawo 6, ndipo wosafika gawo 4 saloledwa kugwira wailesi. Koma sakufuna Chingerezi chokometsera cha pamsonkhano. Akufuna mawu ochepa, omveka kamodzi, oti kaputeni wochokera ku Addis Ababa ndi wina wochokera ku Johannesburg awamve chimodzimodzi wailesi ikukhosomola. Zilembo zili ndi mayina ake, Alfa, Bravo, Charlie, ndipo ndege za kwathu, zomwe nambala yake imayamba ndi 7Q, umaziitana kuti Seven Quebec. Ife timasakaniza l ndi r osazindikira. Pamsika palibe amene angakuimbe mlandu, koma pa wailesi lilime limenelo uliwongole. Dzijambule pa foni ukuwerenga mokweza, udzimvere wekha mopanda chifundo.

Mtima wa ntchito yonse uli pa kanthu kooneka kakang'ono. Ukapereka lamulo, woyendetsa ndege amalibwereza, ndipo iwe umamvetsera ngati wabwereza molondola. Wamuuza kuti atsike kufika mafiti 9,000, iye wabwereza 5,000. Pa nthawiyo n'kuti foni ya pa desiki ikulira, galimoto ya ozimitsa moto ikupempha kudutsa pamsewu wa ndege, dzanja lako likulemba pa kapepala ka ndege yotsatira. Khutu lotopa limamva zimene likuyembekezera, osati zimene zanenedwa. Ukangoti chabwino, ndege ija ikutsikira malo amene sunaitume, ndipo kum'mwera kuno mapiri si amasewera: nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo chiperoni chikagwa woyendetsa saona kanthu pawindo.

Pa 27 Malichi 1977, pabwalo la Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pansi m'chifunga. Anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM anayamba kuthamangitsa ndege akukhulupirira kuti waloledwa kunyamuka, pomwe inzake inali isanachoke pamsewupo. Mu nsanja sankaziona ndegezo, mawu ofunika anaphimbana pa wailesi, ndipo injiniya wa m'ndege ya KLM atafunsa ngati inzawo yapatuka, kaputeni anayankha motsimikiza, nkhani n'kuthera pomwepo. Kaputeniyo anali mmodzi mwa akuluakulu olemekezeka a kampaniyo.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndikudziwa mmene tinaleredwera. Tinaphunzitsidwa kuti wamkulu satsutsidwa, kuti mwana amayang'ana pansi n'kuvomera. Ndi mwambo wabwino, ndipo kunyumba uusunge. Koma ukavala mahedifoni, ulemu wako kwa kaputeni wa imvi ndi kumuwongolera nthawi yomweyo. Iwe udzakhala ndi zaka 22, iye anayamba kuuluka usanabadwe, mawu ake ali phee, odzidalira. Akabwereza molakwa, nena kuti negative, ubwereze lamulolo, umvetserenso. Ngati sunamve bwino, usanamizire kuti wamva poopa kuoneka mbuli. Safunsa anadya phula. Akaputeni enieni sakwiya nazo zimenezi, amadziwa kuti khutu lakolo likusunga iwo ndi anthu onse ali kumbuyo kwawo.

Kulimba mtima komweko udzakufunenso kwa mabwana ako. Usiku wa pa 1 Julayi 2002, pamwamba pa Überlingen ku Germany, ndege yonyamula anthu ya ku Russia inawombana ndi yakatundu ya DHL, ndipo anthu 71 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu. Wolondolera ndege ku Zurich anali yekha pa madesiki awiri, zipangizo zina zikukonzedwa, foni isakugwira. Munthu mmodzi, ngakhale waluso chotani, ali ndi malire. Ukaona kuti ndege zakuchulukira, itana mnzako. Ukafika pa shifiti usanagone chifukwa unachezera pamaliro, nena usanakhale pampando. Ukamwa mankhwala oodzeretsa, nena. Ndege ziwiri zikayandikana mopitirira muyezo uli pa desiki, lemba lipoti wekha. Mawu onse a pa wailesi amajambulidwa, choncho chobisa palibe, ndipo lipoti loona limateteza amene adzakhale pampandopo mawa.

Kuno kwathu kulinso mdani wina amene saoneka ngati mdani. Mabwalo athu salandira ndege zochuluka ngati a ku London kapena Dubai, ndipo pamatha kupita nthawi yaitali wailesi ili zii. Apa m'pamene maganizo amathawira ku fizi ya ana ndi ku WhatsApp. Kenako ndege zitatu zimatulukira nthawi imodzi, mitambo ya mabingu itatseka njira, aliyense akupempha kukhota. Amene anatayirira amayamba kufufuza kuti ndege ili pati nthawi itatha kale. Pamene kulibe rada, chithunzi chonse cha mlengalenga chimakhala m'mutu mwako ndi pa timapepala tija, ndiye foni yako izikhala m'thumba kufikira utatsika.

Dziwanso kuti nsanja siidziwa Khrisimasi. Udzagwira usiku, udzaphonya maukwati, ndipo wotchi ya kuntchito idzakhala ya UTC, yotsalira ndi maola awiri pa nthawi ya kwathu. Mowa suyandikana ndi shifiti. Anthu otsika m'ndege adzathokoza kaputeni, iwe sadzakudziwa dzina. Komabe ndikunena mosakayika kuti ndi ntchito yabwino kwambiri, ndipo dziko lathu likusowa achinyamata oigwira mokhulupirika.

Ngati mtima ukadali pomwepo, uzitsatira manyuzipepala kuti malo akalengezedwa usaphonye. Koma usanalembe kalata iliyonse, pita kuchipatala akakupime makutu ndi maso, makamaka ngati umasiyanitsa bwino mtundu wofiira ndi wobiriwira. Zotsatira zake udzandiuze.