Kasipuling'i kamene kangaphe injini yonse

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndi ena nonse amene mwaima pa bolodi pano podikira belu, lero tikambirane za kachitsulo kamene ambiri sitinakaonepo. Kali m'kati mwa njinga yamoto ya kabaza imene imatinyamula popita ku Makhanga. Kalinso m'pampu ya petulo imene imakoka madzi a mu Shire kapena mu Ruo kuthirira chimanga cha m'dimba. Dzina lake ndi sipuling'i ya valavu. Ndi kakang'ono, koma kakalakwika, injini yogula ndi ndalama za zokolola za chaka chonse imatha tsiku limodzi.

Zitseko za injini

Injini ya masitiroko anayi, imene Nikolaus Otto wa ku Germany anapanga mu 1876, imapuma ngati munthu. Pisitoni ikatsika, imakoka mpweya ndi petulo. Ikakwera, imazipanikiza. Pulagi ikathetheka, zimayaka n'kukankhira pisitoni pansi. Ikakweranso, imatulutsa utsi. Zitseko zolowetsera mpweya ndi zotulutsira utsi ndiwo mavalavu.

Wotsegula zitsekozi ndi camshaft, mtanda wachitsulo wozungulira umene uli ndi manundu ooneka ngati dzira. Nundu ikafika, imakankha valavu n'kutseguka. Koma camshaft imadziwa kukankha basi, kukoka ayi. Wobweza chitseko kuti chitsekeke ndi sipuling'i.

Tsono taonani liwiro lake. Camshaft imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Injini ya pampu yozungulira maulendo 3,600 pa mphindi imatsegula valavu iliyonse maulendo 1,800, kutanthauza maulendo 30 pa sekondi imodzi. Njinga yamoto ikafika maulendo 6,000 pa mphindi, ndiye kuti ndi maulendo 50 pa sekondi. Tayesani kuwomba m'manja ka 50 pa sekondi, muone!

Camshaft yatsopano, sipuling'i zatsopano

Ku America, anthu okonda magalimoto a injini zazikulu za V8 amasintha camshaft kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zambiri. Mtundu umene ambiri amasankha ndi wa hydraulic roller. Mawu awiriwa asakuopseni. Pakati pa nundu ndi valavu pamakhala kachitsulo kotchedwa lifter. Mawu akuti roller akutanthauza kuti lifter ili ndi kagudumu kamene kamagubuduka pa nundu m'malo mokhula. Mawu akuti hydraulic akutanthauza kuti m'kati mwa lifter mumalowa oyilo amene amatseka yekha kampata kamene makaniko wa njinga zamoto amachita kuseta ndi manja. Kampani ya Ford inaika camshaft yotere mu Mustang mu 1985, ndipo Chevrolet inatsatira mu 1987.

Chifukwa cha kagudumu kaja, nundu imatha kukhala yotsetsereka kwambiri, choncho valavu imatseguka mwachangu komanso imapita patali. Mpweya umalowa wambiri, mphamvu n'kuchuluka. Koma lifter ya kagudumu ndi yolemera, ndipo chinthu cholemera choponyedwa mwamphamvu chimavuta kuchibweza. N'chifukwa chake wosintha camshaft ayenera kusankhanso sipuling'i zogwirizana nayo. Opanga camshaft amalemba pa khadi kutalika kwa ulendo wa valavu ndi mphamvu ya sipuling'i yofunika, ndipo makaniko wanzeru amayamba wawerenga khadilo asanagwire sipanala.

Apa ndi pamene Hooke amalowera

Mu Fizikisi tinaphunzira lamulo la Robert Hooke, limene analifalitsa mu 1678: F = ke. Mphamvu ya sipuling'i imakula molingana ndi mmene yakokedwera kapena kupanikizidwira, bola isapyole malire ake. Ena timangoloweza lamuloli poopa mayeso a MANEB, koma taonani mmene limagwirira ntchito. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirirepo.

Tinene kuti sipuling'i ndi yotalika 55 mm ikakhala payokha, ndipo k yake ndi 60 N pa mm iliyonse. Poiika m'injini amaipanikiza kufika pa 45 mm. Yafupika ndi 10 mm, ndiye F = 60 × 10 = 600 N. Iyi ndi mphamvu yogwira valavu ikakhala yotseka, yoposa pang'ono kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50.

Nundu ikakankha valavu ndi 13 mm, sipuling'i yafupika ndi 23 mm yonse pamodzi. F = 60 × 23 = 1,380 N, pafupifupi matumba atatu. Iyi ndi mphamvu yake valavu ikatseguka kotheratu.

Nambala yachitatu ndi imene ambiri amaiwala. Sipuling'i iliyonse ili ndi pothera, pamene mikombero yake yonse imagundana n'kusanduka chitsulo cholimba. Tinene kuti yathuyi imathera pa 30 mm. Valavu ikatseguka, sipuling'i ili pa 45 − 13 = 32 mm. Patsala 2 mm, zili bwino, chifukwa amakaniko amafuna kuti patsale mpata wosachepera 1.5 mm. Nanga wina akaika camshaft yokankha 15 mm koma sipuling'i n'kusiya yomweyo? 45 − 15 = 30 mm. Mpata palibe. Nundu ikukankhabe, sipuling'i ilibe kolowera, ndiye china chake chiyenera kupindika kapena kuthyoka. Kusiyana kwake ndi 2 mm yokha, eti!

Yofooka n'njoipa, yolimbitsitsa n'njoipanso

Sipuling'i ikakhala yofooka, valavu imalephera kutsatira nundu injini ikathamanga. Imatsala m'malere, kapena imadumphadumpha potseka. Injini imayamba kudukiza ndi kutha mphamvu, valavu imapsa m'mphepete, ndipo zikavuta pisitoni imaipeza isanatseke n'kuimenya. Zikatero pamafunika valavu, pisitoni, mwina ndi hedi yomwe.

Tsono wina anena kuti, “Aaa, basi tingoika yolimba kwambiri.” Ayi ndithu. Yolimbitsitsa imadya nundu, imapinda kamtengo kachitsulo kokankha valavu, ndipo imafinya oyilo wa mu lifter mpaka valavu osatseguka mokwanira. Imadyanso mphamvu ya injini, petulo n'kumangothera kulimbana ndi sipuling'i. Yabwino ndi yokhayo yogwirizana ndi camshaft yake.

Vutoli lasautsa ngakhale akatswiri. Kampani ya njinga zamoto ya Ducati ku Italy inasankha kugwiritsa ntchito njira yoti camshaft izitsegula ndi kutseka valavu yokha. Mu 1986, Renault inayamba kugwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa m'malo mwa sipuling'i zachitsulo m'magalimoto a mpikisano a Formula One.

Nanga ife a kuno ku Chigwa zikutikhudza bwanji?

Camshaft ya hydraulic roller n'kutheka simudzaigwira msanga, koma lamulo lake ndi lomwelo pa njinga ya achimwene anu ndi pampu ya a malume anu. Mukawauze zinthu zinayi izi.

Choyamba, sipuling'i zimatopa, makamaka injini ikamatentha kwambiri, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa. Yotopa imafupika. Injini ikatsegulidwa, makaniko ayeze kutalika kwake n'kuyerekeza ndi zimene buku la injiniyo likunena. Yafupika, yosintha, osati kuikoka ndi pulayala kuti italike.

Chachiwiri, sipeya wofanana ndi maso si wofanana mphamvu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Sipuling'i yochotsa ku injini ya mtundu wina ikhoza kulowa bwinobwino koma k yake n'kukhala ina.

Chachitatu, gavana wa pampu asachotsedwe pofuna kuti izikoka madzi ambiri. Sipuling'i zake anazipangira liwiro limene gavanayo amalola. Kupyola pamenepo, mavalavu amayamba kutsala m'malere.

Chachinayi ndi madzi osefukira. Tonse tikukumbukira za 2015, za Ana mu 2022 ndi za Freddy mu 2023. Injini imene inamira, ngakhale ilire, itsegulidwe ndi kuonedwa. Kadontho ka dzimbiri pa sipuling'i ndi pamene mng'alu umayambira, ndipo chinthu chopindika ka 30 pa sekondi sichichedwa kuthyokera pomwepo. Pampu ikafa chimanga chikumasula, dimba lonse lapita.

Yesani nokha

1. Sipuling'i ndi yotalika 40 mm payokha, k yake ndi 25 N pa mm, ndipo amaiika pa 34 mm. Pezani mphamvu yake valavu ikakhala yotseka.
2. Nundu ikakankha 7 mm, mphamvu ifika pati?
3. Ngati imathera pa 26 mm, kodi mpata wotsala ndi wokwanira? Fotokozani.
4. Injini ikuzungulira maulendo 4,800 pa mphindi. Valavu imodzi ikutseguka kangati pa sekondi?

Lembani mayankho anu pa kapepala, mukaonetse aphunzitsi a Fizikisi. Funso lachitatu mulisamale, lili ndi msampha.