Phunziro: Kusamala Mphaka ndi Galu wa Pakhomo

Chiweto ndi chinthu chimene Allah watisungitsa. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anatichenjeza za mayi wina amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka osampatsa chakudya.

Chiweto chanjala chimayendayenda mpaka kusochera, choncho muzichipatsa chakudya ndi madzi tsiku lililonse. Galu wolondera muzimuveka lamba wa m'khosi wolembedwa nambala ya foni yanu. Mankhwala opopera fodya kunazale muziwatsekera, chifukwa mphaka akawanyambita akhoza kufa.

Katemera wa chiwewe muzibayitsa chaka chilichonse kwa alangizi a ziweto. Galu kapena mphaka akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala cha boma cha Kasungu tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, mankhwala ochiza palibe.