Kumanga nyumba ndi matabwa ocheka nokha: malangizo kwa mabanja a ku Neno

Mabanja ambiri a kumtunda kwa Neno, kwa Dambe ndi kwa Chekucheku, ali ndi kamunda ka bulugamu kapena mzere wa paini m'malire a munda wa kachewere. Kawirikawiri mitengo imeneyi amaigulitsa ili chiimire, ndalama yake yochepa, koma tsiku lofuna kufolera likafika, banja lomwelo limakagula matabwa odula n'kulipiranso galimoto yoti ikwere nawo mapiri. Mitengo imene munadzala nokha ikhoza kukupatsani denga, zitseko, mafelemu, ngakhale makoma a nyumba yonse. Chofunika kudziwa n'chakuti kulimba kwa nyumba ya matabwa kumachokera pa ntchito imene mumagwira musanakhome msomali woyamba: kusankha mtengo wokhwima, kuumitsa matabwa modekha, ndi kuwatalikitsa ndi dothi.

Zipika zathunthu kapena matabwa?

Ku Finland, Norway, Russia ndi Canada kuli nyumba zomanga posanjikiza zipika zathunthu chogona, zolowetsana m'makona. Kumeneko zimatheka chifukwa mitengo yowongoka ndi yochuluka, ndipo kuzizira kumachititsa kuti chiswe chisavute. Kwathu kuno tiyenera kuwerengera. Khoma lotalika mamita 2.4 lomanga ndi zipika zonenepa masentimita 20 limadya zipika 12, choncho chipinda chimodzi chokha chimatha zipika 48. Koma chipika chimodzi chonenepa masentimita 30 kunsonga, mukachisema mbali zinayi, chimatsala masentimita 21 mbali iliyonse, ndipo mukachicheka bwino chimatulutsa matabwa pafupifupi 8 a 2 by 4. M'boma limene mitengo yachepa kale chifukwa cha makala, monga mmene matumba a m'mbali mwa msewu pa Zalewa amachitira umboni, njira yanzeru ndiyo kucheka: kuimika chimango cha matabwa pa maziko a miyala kapena njerwa, kenako n'kuchikuta.

Yambani ndi chilolezo

Dulani mitengo yodzala nokha pamalo panu. M'nkhalango ya boma ya Tsamba simuloledwa kudula popanda chilolezo, ndipo nkhalango ya m'mudzi ili m'manja mwa mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe. Mitengo yachilengedwe monga mbawa, mlombwa, muwanga ndi tsanya ndi yotetezedwa, musaigwetse chifukwa chongoti yamera m'munda mwanu. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso ndipo kuyambira mu 2020 zilango zake zinakwera. Choncho musananole nkhwangwa, pitani kwa mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu kapena ku ofesi yawo pa Boma, mukanene mitengo imene mukufuna kudula. Ngati matabwawo adzayenda pamsewu, funsaninso chikalata choyendetsera. Mitengo ya m'mphepete mwa Lisungwi, Wamkulumadzi ndi timitsinje tothira m'menemo isiyeni, chifukwa ndiyo imagwira magombe.

Kusankha mtengo

Paini ndi wofewa, savuta kucheka, sachedwa kuuma, ndipo msomali umalowa osang'amba. Amayenera pa denga, siling'i ndi pokutira makoma. Vuto lake n'lakuti chiswe chimamukonda ndipo amaola msanga akamanyowa. Kuti apereke matabwa enieni amafunika zaka 20 kapena kuposerapo. Bulugamu ndi wolimba, amayenera pa nsanamira, mitanda ndi mapaso, koma amang'aluka ndi kupindika akachekedwa ali wamng'ono. Wa zaka 6 kapena 8 ndi wa milimo ndi mapaso ozungulira basi. Wocheka matabwa akhale wa zaka 15 kupita m'tsogolo. Kumunsi kotentha, kwa Symon ndi ku Lisungwi, malaina amapereka matabwa opepuka, osapindika kwambiri, abwino pa zitseko ndi mazenera.

Sankhani mtengo wowongoka, wopanda mphako, wopanda nthambi zambiri m'munsi. Yang'anani makungwa: ngati mizere yake ikuzungulira thunthu, matabwa ake adzapotoka ngakhale muwasamale motani. Mukadula, muona kuti pakati pali mtima wa mtundu wodera ndipo kunja kuli mnofu woyera. Mnofu woyerawo ndiwo umayamba kufumbwa, choncho matabwa a m'munsi mwa khoma ndi a panja azichokera ku mtima.

Kugwetsa

Nthawi yabwino ndi May kapena June, mvula itasiya, kuti matabwa apeze chilimwe chonse chouma. Musagwetse tsiku la mphepo. Onani kumene mtengo wapendekera, lambulani tchire, ndipo ana ndi ziweto akhale kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Temani kamwa ku mbali imene mukufuna kuti ugwere, kulowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu. Kenako dulani kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kamwa lija, koma musadule mpaka kukumana: siyani kachigawo kosadula koti kawongolere mtengo pogwa. Ukayamba kulira, chokani chammbali chakumbuyo, ndipo pamalo otsetsereka muziima kumtunda. Sadzani nthambi, dulani zipika motalika kuposa muyeso wanu ndi masentimita 15, sendani makungwa, ndipo pakani penti yakale kapena phula kumapeto kwa chipika kuti chisang'aluke. Paini asagone pansi masabata ambiri, chifukwa amachita mawanga akuda.

Kucheka

Macheka a anthu awiri akadali njira yabwino kwa banja. Kumbani dzenje, kapena mangani thandala lolimba pamalo otsetsereka kuti chipika muzingochigubuduzira pamwamba. Chikhazikeni ndi zidutswa za mitengo kuti chisasunthe pamene munthu ali pansi. Semani mbali ziwiri, kenako lembani mizere ndi chingwe choviika m'makala osinja osakaniza ndi madzi: kokani chingwe, chinyamuleni pakati, chisiyeni chimenye. Lembani pamwamba ndi pansi pomwe, mizere igwirizane, apo ayi thabwa lidzakhala lonenepa mbali imodzi. Macheka anoledwe ndi tupa m'mawa uliwonse, ndipo mano ake akhale otagadza mofanana; akapendekera mbali imodzi, macheka amathawa mzere. Wapansi ateteze maso ku utuchi.

Makina a tcheni amafulumira, koma njira yawo ndi yaikulu, moti pa chipika chilichonse amasandutsa utuchi gawo lalikulu la mtengo. Mukalemba ganyu mwini makina, gwirizanani malipiro pa thabwa labwino, osati pa chipika. Onjezani mamilimita 3 kapena 5 pa muyeso uliwonse, popeza thabwa limachepa pouma. Pa bulugamu, pewani thabwa lokhala ndi pakatikati penipeni pa mtengo, chifukwa limang'aluka. Zikungwa zotsala m'mbali musawotche, zimamanga khola la mbuzi kapena mpanda wa bafa.

Kuumitsa

Apa ndi pamene nyumba zambiri zimaonongekera zisanamangidwe. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, nthawi zina theka la kulemera kwake. Mukaukhoma choncho, umauma uli padenga: mapaso amapindika, misomali imakhwepa, malata amadontha, chitseko chimakana kutseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sankhani malo a mthunzi odutsa mphepo. Ikani miyala kapena njerwa, pamwamba pake mitanda yowongoka, kuti mulu uyambire masentimita 45 kuchoka pansi. Mitandayo ikhale pa levulo imodzi, chifukwa thabwa limauma motsata pamene lagona. Yalani matabwa mosiya mpata wa zala ziwiri pakati pawo. Pamwamba pake pingasani timitengo touma tonenepa masentimita 2.5, motalikirana masentimita 60, kenako yalani mzere wina. Timitengoti tikhale tolunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo kumapeto kwa matabwa kukhale kamtengo kake. Mukamaliza, vundikirani ndi malata akale kapena udzu, n'kutsindira ndi miyala yolemera. M'mbali musatseke.

Kwa Dambe, kumene nkhungu ndi mvula yowaza ya m'nyengo yozizira zimachedwetsa kuuma, mulu uyang'ane kumene kumachokera mphepo. Ku Lisungwi vuto ndi dzuwa: matabwa akauma mofulumira amang'aluka, choncho mthunzi ukhale wokwanira. Paini wa inchi imodzi amatenga miyezi iwiri kapena itatu m'chilimwe. Wa mainchi awiri ndiponso bulugamu amafuna nthawi yoposa pamenepo, ndipo si zachilendo kudikira mpaka chaka chinacho. Kuti mutsimikize, sankhani thabwa limodzi lapakati pa mulu, mulilembe chizindikiro, muziliyeza pa sikelo yogulitsira mbewu sabata iliyonse. Likakhala masabata atatu osapepukanso, matabwa auma.

Maziko ndi chiswe

Makolo athu ankakhazika nkhokwe pa miyala kuti chinyezi ndi chiswe zisafike pa chimanga. Nyumba ya matabwa imafuna nzeru yomweyo: thabwa lililonse lisakhudze dothi. Pewani malo a pafupi ndi chulu, ndipo zulani zitsa ndi mizu yonse pamalo omangapo, chifukwa ndizo zimaitana chiswe. Pamalo otsetsereka, kumbani ngalande kumtunda kuti madzi azilambalala nyumba.

Mangani maziko a miyala kapena njerwa ndi simenti, akwere masentimita 45 pamwamba pa nthaka. Poyeza makona gwiritsani ntchito tepi: mbali imodzi mamita 3, inayo mamita 4, ndipo kuchoka nsonga kufika nsonga pakhale mamita 5. Simenti isanaume, zikani mabawuti oyang'ana kumwamba, motalikirana mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Yalani pulasitiki wakuda wochindikala pamwamba pa mazikowo, kenako lata losalala lotulukira kunja masentimita 5 ndi kupindikira pansi. Latalo limakakamiza chiswe kumanga njira yake poonekera, pamene inu mukhoza kuiona ndi kuiphwanya.

Matabwa ouma apakeni mankhwala oteteza, monga Solignum, kawiri, makamaka kumapeto ndi paliponse pamene mwadula kapena kuboola. Thabwa lauwisi silimwa mankhwala. Pakani panja, mutavala magolovesi, ana ali kutali, ndipo zidutswa zopakidwa musaphikire. Ambiri amapaka oyilo wakuda wa galimoto. Ameneyu amathandiza pang'ono pa nsanamira za panja, koma amanunkha, amakoleza moto, ndipo sayenera m'chipinda chogona.

Makoma ndi denga

Gonekani thabwa la 2 by 4 la mtima wa bulugamu pamwamba pa maziko ndi kulimanga ndi mabawuti aja. Imikani matabwa a 2 by 4 motalikirana masentimita 60, muwalumikize pamwamba ndi thabwa lina logona. Pa khomo ndi pa zenera ikani awiriawiri m'mbali, ndi mtanda wa 2 by 6 pamwamba. Pa kona iliyonse khomani thabwa lopingasa kuchoka pansi kufika pamwamba. Popanda limeneli khoma limapendama mphepo ikawomba. Bulugamu wouma amapinda misomali ndi kung'aluka, choncho yambani mwaboola kabowo kakang'ono.

Pokuta kunja, yambirani pansi ndi matabwa a 1 by 6 kapena 1 by 8 chogona, lapamwamba liphimbe lapansi ndi masentimita 3 kuti madzi azitsetsereka. Mkati mukhoza kukuta ndi matabwa opyapyala kapena nsungwi zoluka. Amene akufuna makoma a zidina angatero ndithu, n'kugwiritsa ntchito matabwa awo pa denga, zitseko ndi mafelemu. Malangizo a kuumitsa ndi kupaka ndi omwewa.

Namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anationetsa kuti m'chigawo chakummwera madzi ndi mphepo siziyang'ana nkhope. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Phaso lililonse limangidwe ku khoma ndi waya wochindikala kapena lamba wachitsulo, osati misomali yokha. Timatabwa tokhomerapo malata titalikirane masentimita pafupifupi 90, ndipo msomali ulowe pamsana pa lata, osati m'ngalande yake. M'mphepete ndi pamwamba penipeni khomani misomali yambiri, chifukwa mphepo imayambira pamenepo kusasula. Denga litulukire kunja masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma, koma la khonde likhale lapadera, kuti likasasuka lisatenge la nyumba. Pokweza, kumbukirani kuti mutu umodzi susenza denga: itanani abale, ndipo pa ntchito yolumikiza mapaso lembani kalipentala wodziwa ngakhale kwa masiku ochepa.

Kusamala nyumba ndi kubwezeretsa mitengo

Khitchini ikhale payokha, patali ndi nyumba. Mbaula, koloboyi ndi kandulo zisayandikire khoma, ndipo mawaya a sola kapena magetsi adutse m'mapaipi. Chilimwe chisanafike pachimake, lambulani udzu kuzungulira nyumba ndi kuzungulira munda wa mitengo, kuopa moto wolusa wa osaka mbewa. Mwezi uliwonse yendani kuzungulira maziko kufunafuna njira zadothi za chiswe. Nkhuni, mapesi ndi milu ya dothi musatsamiritse ku khoma. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu pakaninso mankhwala kapena penti kunja, kuyambira mbali imene mvula imamenya.

Chitsa cha bulugamu chimaphukanso ngati munachidula chafupi ndi mopendekeka kuti madzi asakhazikike. Mphukira zikafika kutalika kwa munthu, siyani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo chotsani. Paini saphuka, ayenera kudzalidwanso. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, koma mbande zimagwira bwino zikalowa m'nthaka mu December kapena January, mvula itakhazikika. Choncho fesani nazale mu August, mukumbe mayenje mu November, ndipo pa mtengo uliwonse umene mwagwetsa mudzale ingapo, chifukwa si mbande zonse zimene zimapulumuka chiswe, mbuzi ndi moto.